Nkhope za Jamini Roy zimafanana zonse chifukwa chani, nanga malo a kwawo ali pati?

Funso ili lachokera kwa mnyamata wina wojambula nkhope za anthu ndi pensulo komanso makala, anthu amamutumizira foto pa WhatsApp iye nkujambula iwo nkumulipira. Akuti anaona zojambula za Jamini Roy wa ku Bengal, dziko la India, ndiye zamuzunguza mutu. Walemba chonchi: "Azimayi onse nkhope imodzi, maso ataliatali ngati nsomba, kumbuyo kulibe mtengo kapena phiri, utoto wake ngati wapaka mwana wa sitandade 2. Koma akuti ndi katswiri ndipo akuti zojambula zake zinachokera ku luso la kumudzi ndi malo a kwawo. Malowo ali pati poti ine sindikuwaona? Nanga chithunzi cha nkhope chosafanana ndi mwini wake ntchito yake nchani?"

Achimwene, mwafunsa bwino ndipo musachite manyazi, chifukwa aliyense amene anazolowera kuyeza mphuno ndi pensulo amadabwa chimodzimodzi akangoona Jamini Roy koyamba. Koma chinthu choyamba chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: bambo ameneyu ntchito mukugwira inuyi anaigwira zaka zambiri, ndipo ankaitha kwabasi. Anabadwa pa 11 Epulo 1887 m'mudzi wa Beliatore, m'boma la Bankura, komwe pano ndi West Bengal. Ali ndi zaka 16 anapita ku Calcutta, mzinda umene lero akuutchula kuti Kolkata, kukalowa Government School of Art, sukulu imene inkaphunzitsa kujambula kwa chizungu kwenikweni, kuyeza thupi, kuika mdima ndi kuwala kuti tsaya lioneke lotukuka, penti ya oyilo pa kanivasi, zonse zija. Anamaliza mu 1908 ndipo chakudya chake chinkachokera mu kujambula nkhope za anthu a ndalama amene ankamuitanitsa, munthu afanane ndendende, ndevu ndi ndevu. Ankajambulanso malo, misewu, mitengo, nyumba, m'kajambulidwe ka ku France kaja kongogunda gunda burashi kuti kuwala kuoneke ngati kukunjenjemera. Zojambula zimenezi zilipobe mpaka lero, mukazisaka pa intaneti mudzaona nokha kuti dzanja linali lakuthwa. Ndiye mukaona mayi wa maso ngati nsomba uja musaganize kuti walephera mphuno. Mphunoyo anaisiya dala, ali munthu wamkulu wa zaka za m'ma 30, atatopa ndi chinachake.

Chimene chinamutopetsa ndi chimene mwina tsiku lina chidzakutopetseni inunso. Nkhope yofanana ndi mwini wake imakondweretsa mwini wakeyo ndi abale ake basi, ikapachikidwa pabalaza ntchito yatha, ndipo kamera imatha kuichita mwachangu kuposa dzanja. Komanso nthawi imeneyo ku Bengal kunali kutentha pa nkhani ya utsamunda. Mu 1905 boma la Britain linagawa Bengal pawiri, anthu anakwiya nkuyamba kukana katundu wa ku Britain, gulu lija lotchedwa Swadeshi, ndipo ojambula nawonso anayamba kudzifunsa kuti kodi ife tizingojambula ngati anthu a ku London mpaka liti. Yankho loyamba linachokera kwa Abanindranath Tagore, amene anali wachiwiri kwa mkulu wa sukulu yomweyo imene Roy ankaphunzira. Iye ndi ophunzira ake anabwerera ku zojambula zakale za m'nyumba za mafumu a Mughal ndi za m'mapanga a Ajanta, nkuphatikiza njira yotsuka utoto ndi madzi imene anatengera kwa ojambula a ku Japan, zithunzi nkumatuluka zofewa ngati pali nkhungu. Roy anayesako zimenezi koma sanakhalitse. Mmene ine ndimaonera, kwa mwana wokulira pa dothi louma la Bankura nkhungu imeneyo inali yachilendo chimodzimodzi ndi oyilo wa azungu, zonse ziwiri zinali za pabalaza pa anthu ophunzira a mumzinda.

Kumene anatembenukira koyamba, m'zaka za m'ma 1920, ndi ku Kalighat. Apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa mzere wake wonse unayambira pamenepa. Kalighat ndi kachisi wa mulungu wamkazi Kali kummwera kwa Calcutta, ndipo m'zaka za m'ma 1800 anthu ankabwera miyandamiyanda kudzapembedza, pobwerera kwawo aliyense ankafuna kanthu kotchipa konyamula. Ndiye ojambula a kumidzi otchedwa patua anasamukira pafupi ndi kachisiyo nkumajambula pa mapepala otchipa a ku fakitale, mwachangu, ambiri pa tsiku, chifukwa mtengo wake unali wa timakobidi. Liwiro limenelo ndi limene linapanga sitayilo. Munthu amene akufuna kumaliza zithunzi zambiri dzuwa lisanalowe alibe nthawi yojambula mitengo kumbuyo, amasiya pepala loyera. Alibe nthawi yofufuta, ndiye mzere umodzi wa burashi uyenera kuchoka paphewa kutsika mkono wonse mpaka kuchala osadukiza, wonenepa pakati wowonda kumapeto. Ankajambula milungu, komanso ankajambula zoseka anthu a mumzinda, abwana odzikongoletsa otchedwa babu ali ndi zibwenzi zawo, mkazi akumenya mwamuna ndi tsache, ndi mphaka wonenepa atanyamula nsomba kapena nkhanu kukamwa, amene ankaimira munthu wodzitcha wopemphera wosadya nyama koma mseri akudya. Mphaka ameneyu mudzamupeza kwa Jamini Roy kambirimbiri, maso ake omwe aja a azimayi. Pofika nthawi imene Roy ankayang'ana zimenezi luso la Kalighat linali likufa, makina osindikiza anali atadzaza msika ndi zithunzi za milungu zowala komanso zotchipa kuposa za pamanja. Iye anatola chinthu chimene anthu ophunzira ankachiyesa zinyalala za pamsika. Kwa kanthawi ndithu anangotsala ndi burashi ndi utoto wakuda wokha, kujambula mayi, mwana, ng'ombe, ndi mizere yowerengeka, kuphunzitsa dzanja kuiwala zimene sukulu inaliphunzitsa. Inu amene mumajambula mukudziwa kuti kuiwala kumavuta kuposa kuphunzira, dzanja limathamangira lokha kukaika shedi pansi pa chibwano.

Koma Kalighat inali ya mutauni, ndipo iye anapitirira nkubwerera kwawo kwenikweni. Ku midzi ya Bankura ndi maboma oyandikana nawo monga Birbhum ndi Medinipur, a patua ankajambula nkhani pa chinsalu kapena mapepala olumikiza, chachitali, chokulunga ngati mkeka, nkumayenda nacho khomo ndi khomo, akufunyulula pang'onopang'ono uku akuimba nkhaniyo, eni nyumba nkuwapatsa mpunga kapena kandalama. Utoto wa pamenepo ndi wosasakaniza, chofiira ndi chofiira, chachikasu ndi chachikasu, mzere wakuda wochindikala kuzungulira chilichonse kuti munthu wakhala kumbuyo kwa gulu aone bwino. Kunalinso zidole za dongo ndi za mtengo zogulitsa pa misika ya zikondwerero, nkhope yozungulira, manja omatirira kuthupi. Kunali akavalo a dongo lootcha a ku Panchmura, a khosi lalitali ndi makutu oima njo, amene anthu amakasiya pa malo opembedzera a m'mudzi. Kunali alpana, maluwa amene azimayi amalemba pansi ndi ufa wa mpunga wosungunula m'madzi, ndi kantha, zofunda zosokedwa kuchokera ku nsalu zakale. Ndipo m'boma lomwelo muli Bishnupur, tauni ya mafumu a Malla, kumene kuli akachisi amene makoma awo anakutidwa ndi timatabwa ta dongo lootcha tosemedwa anthu, Shyam Rai wa 1643 ndi Jor Bangla wa 1655. Jor Bangla ukamuyang'ana denga lake ndi la nyumba ziwiri za udzu za kumudzi zogundana, kungoti anazimanga ndi njerwa. Pa makoma amenewo anthu aima mondondozana m'timabokosi, ovina, oimba ng'oma, mulungu wachihindu Krishna ndi atsikana oweta ng'ombe, aliyense wadzaza bokosi lake mpaka m'mphepete. Mukabwerera kwa Roy mudzaona zomwezo, anthu atatu kapena asanu ataima mzere umodzi, mutu ukugunda chapamwamba, ndipo kuzungulira chithunzi pali mkombero wochindikala ngati wa nsalu.

Tsopano za maso, poti ndi zimene zakuvutani kwambiri. Ku Bengal diso lokongola amaliyerekeza ndi ndiwo ina yotchedwa potol, kooneka ngati kankhaka kakang'ono kosongoka mbali zonse ziwiri, ukakang'amba pakati mlitali ndiye diso limenelo. Mawu oti potol-chera amanenedwa potamanda maso a mkazi, ndipo mafano a mulungu wamkazi Durga amene amaumbidwa chaka ndi chaka amakhala ndi maso otero, ofika mpaka kukhutu. Choncho Roy sanapeke diso limeneli, analipeza likumuyang'ana kuyambira ali mwana. Koma pali china chozama. Kwa oumba mafano a kumeneko, kujambula maso ndi ntchito yomaliza ndiponso yolemekezeka, ili ndi dzina lake, chokkhudan, kutanthauza kupereka maso, ndipo amakhulupirira kuti fanolo limakhala dongo chabe mpaka maso atalembedwa. Ndiye pali ojambula ena otchedwa jadupatua amene ankayenda pakati pa anthu a mtundu wa Santhal. Pakachitika maliro, jadupatua ankabwera pakhomo ndi kachithunzi ka malemuyo, kosafanana naye nkomwe, kongosonyeza kuti ndi mwamuna kapena mkazi, mkulu kapena mwana, koma m'maso mulibe kadontho kakuda. Ankauza abale kuti m'bale wanu akuyendayenda kumene wapitako osaona njira. Abale akapereka mphatso, mbale ya mkuwa kapena nkhuku kapena ndalama, iye ankatenga burashi nkudontheza kadontho kaja, malemu nkupenya. Taganizani zimenezo achimwene, inu amene munafunsa kuti chithunzi chosafanana ndi mwini wake ntchito yake nchani. Banja lija silinkafunsa ngati mphuno yafanana. Linkafuna kuti munthu wawo aone. Kumene Roy anachokera, chithunzi cha munthu chimayamba kukhala munthu pa diso, ndiye nchifukwa chake iye anachotsa makwinya, anachotsa mthunzi, anachepetsa pakamwa kukhala kadontho kofiira, mphamvu yonse nkuisiya m'maso.

Tiyeni titenge chimodzi mwa zija za mayi ndi mwana, anajambula zambiri zedi za mutu umenewu, tichiyang'ane pafupi. Yambani ndi mzere wa sari, nsalu yaitali ija imene azimayi a ku India amavala. Umachoka pamwamba pa mutu wa mayi, kutsika kuzungulira tsaya, kudutsa paphewa, nkukhota kukakumbatira mwana, ndiye mukautsatira ndi chala mupeza kuti mayi ndi mwana atsekeredwa mu chinthu chimodzi chooneka ngati dzira kapena mtsuko. Simungathe kumuchotsa mwanayo osaswa mzerewo. Nsidze ndi mphuno nthawi zambiri ndi mzere umodzi wopitirira. Maso a mayi ndi a mwana ndi ofanana, onse akuyang'ana kutsogolo, sakuyang'anana, koma mutu wa mwana wagona pa tsaya kapena pachifuwa mwa njira imene aliyense amene anabereka kapena kulera amaizindikira nthawi yomweyo. Zala ndi zazitali zosongoka zopanda mfundo. Pamphumi kadontho kofiira, pakhosi timadontho toyera ta mkanda, m'mphepete mwa sari mzere wofiira kapena wachikasu. Basi. Mukawerenga mizere yonse mwina siyikwana imene inu mumaika pa diso limodzi lokha. Koma yesani kukopera mzere wa sari uja ndi burashi kamodzi osanyamula dzanja, mudzaona thukuta. Ine ndimapatsa ophunzira anga ntchito imeneyi sabata yoyamba, ndipo amene amajambula bwino kwambiri ndi pensulo ndi amene amavutika kwambiri, chifukwa anazolowera kufika pa mzere pang'onopang'ono ndi timizere tambirimbiri ndi labala pambali, pomwe apa mzere uyenera kukhala utatha kale m'mutu burashi isanakhudze pepala.

Nde tibwere ku funso lanu lenileni, malo a kwawo ali pati. Mukuwasaka kumbuyo kwa munthu, kumene azungu amaika phiri ndi mitambo, pomwe iye anawaika mu utoto momwemo. Bankura ili m'chigawo chotchedwa Rarh, kumadzulo kwa Bengal, ndipo si Bengal uja wa madzi ndi minda ya mpunga yobiriwira mbali zonse amene anthu amamuganizira. Ndi dziko la dothi lofiira lolimba, ngati katondo wathu yemweyu, louma, la nkhalango za mitengo ya sal, dzuwa lake loswa mtengo. Roy atasiya oyilo anasiyanso penti wogula wochokera kunja nkuyamba kupanga wake monga ankachitira a patua. Chofiira chodera ndi chachikasu ankazitenga ku dothi, chotuwa ku matope a mumtsinje, choyera ku choko kapena laimu, chabuluu ku indigo, chomera chimene Bengal ankalima kwambiri, chofiira chowala ndi chija azimayi okwatiwa a kumeneko amapaka pa mzere wa tsitsi, ndipo chakuda cha mizere ndi mwaye wa nyale. Mitundu yake inali pafupifupi 7 yokha. Zomatira kuti utoto ugwire ankagwiritsa ntchito nthanga za bwemba, nthawi zina choyera cha dzira. Utoto wotere ndi umene amautcha tempera, suwala ngati oyilo, umauma msanga nkukhala phulusaphulusa ngati khoma lozira. Ndiye mukaona khungu la mayi lili lofiirira kapena kumbuyo kwake kuli kofiira kodera, chimene mukuyang'anacho ndi dothi lenileni, osati chithunzi cha dothi. Munthuyo anapangidwa ndi malo ake.

Za bwembazi ndinayesapo ndekha poti bwemba ndi wosasowa, ndipo ndikuuzeni mmene zimakhalira. Mumakazinga nthanga pang'ono kuti khungu lofiira lija lisweke, mumazisenda, mkati muli choyera cholimba ngati mwala. Mumasinja, nkuviika usiku wonse, mmawa nkuphika pamoto wochepa mukutakasa mpaka zikhale ngati phala la mwana lamadzimadzi, kenako kusefa pa kansalu. Dothi nalonso mumalisungunula m'madzi, mchenga ukhale pansi, inu nkutsanula madzi a pamwamba okhala ndi fumbi losalala, kuwasiya adekhe, nkutenga phala lotsalira pansilo. Mukasakaniza ziwirizi nkupaka, utoto ukakhala wonyowa umaoneka wakuda ndithu, koma ukamauma umayera pamaso panu, ndipo simungausalaze kuti chofiira chilowerere mu chachikasu pang'onopang'ono ngati mmene oyilo amalolera. Umakukakamizani kupaka dera limodzi mtundu umodzi. Tsiku limenelo ndi limene ndinamvetsa kuti kusalala kwa zithunzi za Roy si nkhani ya maganizo okha, zipangizo zimene anasankha zimafuna zimenezo. Ngakhale popaka pake anasintha, kanivasi wodula anamusiya nkumajambula pa nsalu yoluka kumudzi yopakidwa dongo, pa matabwa, pa makatoni, ngakhale pa mikeka yoluka, ndipo pa mkeka timabokosi ta kulukako timaonekera pansi pa utoto, nkhope nkumaoneka ngati yamangidwa ndi timiyala.

Anthu a m'zithunzi zake nawonso ndi a dera lomwelo. Oyamba kumukoka atangoyamba kusintha anali a Santhal, amene midzi yawo ili m'maboma amenewa, ndipo anajambula azimayi awo akuvina atagwirana m'chiuno mzere umodzi, amuna akuimba ng'oma, mtsikana akuika duwa m'tsitsi. Anajambula osula zitsulo, alimi, oimba oyendayenda a Baul, azimayi atatu akupita kukapembedza, akazi amasiye ovala zoyera. Palibe amene ali ndi dzina. Apa ndiye pali kusiyana ndi ntchito yanu, ndipo sindikunena kuti yanu ndi yotsika ayi. Inu mumayankha funso loti uyu ndi ndani. Iye ankayankha funso loti awa ndi anthu otani, amaima bwanji, amanyamula bwanji mwana, nsalu imagwa bwanji paphewa pawo. Mayi wa ku Bankura akanayang'ana chithunzi chija sakanati uyu ndi mchemwali wanga wakuti, akanati awa ndi ife. Komabe akafuna kuti munthu adziwike ankatha, anajambula Mahatma Gandhi, anajambula mlakatuli wotchuka wa ku Bengal Rabindranath Tagore, ndipo mumawazindikira msanga. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ine ndi zithunzi zake za Yesu za m'ma 1940. Munthu wachihindu, anatenga nkhani ya Yesu nkuijambula ndi maso omwe aja ndi dothi lomwe lija, Mgonero Womaliza ophunzira atandandalika mzere ngati pa khoma la Bishnupur, Mariya ndi mwana osasiyana ndi mayi wa m'mudzi. Ankafuna kuona ngati kajambulidwe ka kwawo kangathe kunyamula nkhani yochokera kutali, ndipo kananyamula. Mu 1946 anajambulanso nkhani yakale yachihindu ya Ramayana pa zinsalu 17, zimene anaitanitsa ndi Sarada Charan Das wa banja lodziwika ndi maswiti a rossogolla ku Kolkata.

Sindikufuna ndikunamizeni kuti zonse za iye ndi zoyera, chifukwa kudandaula kwanu koti nkhope zikufanana anthu a ku Bengal komweko anakunenapo iye ali moyo. Atapeza njira yake anaibwereza kwambiri. Mphaka yemweyo, azimayi atatu omwewo, kambirimbiri, ndipo kunyumba kwake kunali ngati malo a ntchito a banja, mwana wake Amiya ankamuthandiza kujambula. Iye sankaona vuto, ankadzitcha patua, ndipo patua sajambula chinthu chimodzi chokha choti chikhale chosowa, amajambula chomwecho mobwereza kuti aliyense akhale nacho. Ankagulitsa motchipa dala kuti mphunzitsi kapena kalaliki athe kugula, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali ndi maofesala a ku Britain ndi America amene anali ku Calcutta anagula zambiri nkupita nazo kwawo. Ine mbali imeneyi ndimailemekeza, ngakhale ndivomereze kuti zina za m'zaka zake zomaliza mzere wake ndi wotopa, ukuyenda njira imene unayenda kale kambiri, ndipo kubwerezaku kunatsegulira khomo anthu opanga zabodza moti lero zojambula zonamizira dzina lake zili mbwee pamsika. Chimene chimandivuta kwambiri ndi china. Mu 1943 ku Bengal kunagwa njala imene inapha anthu mamiliyoni, anthu a kumidzi omwe aja ankafera m'misewu ya Calcutta, ndipo wojambula wina Zainul Abedin anatuluka ndi inki nkujambula mafupa awo ndi akhwangwala pambali. Midzi ya m'zithunzi za Roy inakhalabe yodekha, azimayi onenepa bwino, ng'ombe zokhuta. Mudzi wake ndi wa m'zokumbukira za mwana wa banja lokhala ndi malo, si mudzi wa ngongole ndi chilala. Komanso iye anatchuka, zojambula zake zinaonetsedwa ku London mu 1946 ndi ku New York mu 1953, boma la India linamupatsa ulemu wa Padma Bhushan mu 1954, pomwe a patua enieni amene anamuphunzitsa ndi ntchito zawo anapitiriza kuyenda khomo ndi khomo kupempha mpunga, maina awo osalembedwa paliponse. Zimenezi sizichotsa ukatswiri wake, koma munthu ukamayamikira uziziwerengera.

Anamwalira pa 24 Epulo 1972 ku Calcutta, ndipo mu 1976 boma linaika ntchito zake m'gulu la chuma cha dziko chosaloledwa kutuluka mu India. Zambiri zili ku National Gallery of Modern Art ku New Delhi, ndipo zojambula za Kalighat zimene zinamutsegula maso zasungidwa zochuluka ku Victoria and Albert Museum ku London, zonsezi zithunzi zake zimapezeka pa intaneti. Njira imene anatsegula anadutsamo enanso, monga Quamrul Hassan wa ku Bangladesh amene anthu ankamutchula kuti Patua.

Kwa inu achimwene, sindikukuuzani kuti musiye ma oda a pa WhatsApp, amenewo ndiye akukudyetsani, ndipo Roy yemweyo anadya za nkhope zofanana zaka zambiri asanasinthe. Sindikukuuzaninso kuti muyambe kujambula maso a potol, amenewo ndi a ku Bengal, kwa inu angakhale obwereka ngati mmene oyilo analili kwa iye. Chimene ndingakupempheni ndi choti muike zithunzi zitatu pafupi pa foni yanu, chimodzi cha Kalighat, chimodzi cha khoma la Jor Bangla, chimodzi cha mayi ndi mwana cha Roy, muziyang'ane mpaka muone chimene chinachoka uku kupita uko. Kenako tengani foto imodzi ya munthu amene mumamudziwa bwino, mayi anu kapena agogo, muijambule monga mwa masiku onse. Mukamaliza ikani fotoyo kutali, tengani burashi, mwaye wa pa poto wosakaniza ndi phala la bwemba lija, ndi dothi la pakhomo pomwe munthuyo amakhala, mumujambulenso ndi mizere yosapitirira 20. Koyamba zidzakukanikani, jambulani mapepala 10 kapena 15, ndipo maso muziwasiya mpaka pomaliza.